Choko cha Solomon

Lachitatu, 16 Juni 1993

A nyali, ofuna zipani zambiri, apambana referendamu. Tauni yonse phokoso chiyambire dzulo, mahutala, nthambi za mitengo pamagalimoto. Ine sindinapiteko. Mawondo.

Masana kunabwera Winston, mwana wa mlamu wanga Solomon. Tayi, nsapato zopukuta, mawu okonzeratu kunjira. Akuti andende ambiri atulutsidwa kale, othawira kunja nawonso ayamba kubwera. Banja lagwirizana kudikira mpaka kutha kwa Julayi. Bambo ake akapanda kuoneka, pa 31 adzaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi, maliro athe, amayi ake apume. "Adada, tikufuna mudzayankhule inu ngati wamkulu wa banja."

Ndamuuza kuti munthu amene sindinamuone atafa sindimuika m'manda. Wati yewo, wapita. Yewo wa anthu a sukulu, wopanda mchere.

Loweruka, 19 Juni

Ndakakatenga kathirakitala ka Solomon, kaja ka m'dimba. Anakagula kwa mzungu wa ku esiteti ya mitengo ya tang'i komwe tinkagwira ntchito tonse, ine woyendetsa, iye makaniko. Msinkhu wake ngati thole. Kakhala kuseri kwa nyumba ya Dinah, mkazi wake, ku Ching'ambo chiyambire 1976, chaka chomwe anamutenga. Palibe anakagwirapo. Katundu wa munthu wotengedwa ndi boma ankawotcha manja. Udzu mpaka pa chiwongolero, mavu pansi pa mpando.

Amuna anayi kukankha mpaka mu shedi yanga kuno ku Zolozolo, matayala ali ophwa. Dinah amangoyang'ana ali pakhonde. "Alamu, chitsulo sichiitana munthu." Ndati tiona.

Solomon akamabwera adzakapeze kakulira. Ndidzamupatsa handulo yolizira injini m'manja, kenako ndidzanena zanga. Kwa iye. Nthochi ilibe makutu.

Lachitatu, 23 Juni

Nkhungu mpaka teni koloko, zala kuuma.

Ndavundukula lata lomwe anaphimba pa injini. Mutu wa injini womanga theka. Manati sikisi, atatu omanga, atatu ongokhazika. Pa atatu omangawo timadontho ta choko tikuonekabe. Ndiwo unali mchitidwe wake. Nati akaimanga n'kukhutira nayo, kadontho ka choko. Ntchito ya anzake ankaiyendera chimodzimodzi, yanga yomwe, ine womuposa zaka khumi. Tinkakangana nazo chomene.

Tsiku lomwe anamutenga anali pa manati amenewa. Galimoto yopanda nambala, amuna atatu. Anapukuta manja pa ovolosi. "Alamu, musamalize, ndidzamaliza ndekha."

Ndilembe, poti bukuli ndi langa ndipo palibe amalitsegula. Kutatsala sabata kuti amutenge, ine anandiitana ku ofesi ina. Pepala pa tebulo. Kalaliki wachichepere, kumwetulira kwa m'mbali. "Kapena tikuwerengereni, madala?" Ine, woyendetsa thirakitala zaka makumi awiri, kuwerengeredwa ndi mwana wa dzulodzulo. Ndinati maso ndili nawo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, n'kunena kuti n'zoona. Ndinajambulapo dzina langa, chinthu chokhacho chomwe ndinkatha kulemba. Pepalalo linkati ndinamumva Solomon akunyoza boma. Ndinadziwa patapita mwezi, kalaliki yemwe uja atandipatsa moni kumsika n'kunditcha mboni yabwino.

Zilembo ndinaphunzira pambuyo pake, ndekha, m'buku la nyimbo la Mabel. Mkazi wangayo anamwalira akuyesa kuti ndagwidwa ndi chikondi cha tchalitchi. Mchemwali wake wa Solomon, bere limodzi.

Lolemba, 28 Juni

Pisitoni inagwidwa ndi dzimbiri. Palafini masiku anayi, lero yasuntha, mtengo ndi hamala. Salumu wa zitsulo zakale kumsika wandipezera pulagi ndi lamba. "Madala, ichi ngakhale azungu anachiiwala. Mukufuna kulima kapena kuukitsa akufa?" Waseka yekha.

Gasiketi ndadula pa chikatoni cholimba, ndapaka girisi. Ikwana.

Ndamanga mutu wa injini, manati onse sikisi. Anati ndisamalize, inde. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri si sabata. Ndatsuka zonse ndi petulo, choko chakale chachoka. Zandiwawa pang'ono.

Lachiwiri, 29 Juni

Choko.

Pa manati asanu. Timadontho toyera, tatsopano, ndakhudza ndi chala kamodzi kachoka ngati ufa. Nati imodzi ilibe. Ndaikapo sipanala, yazungulira theka. Sindinaimange bwino.

Shedi ili ndi loko. Kiyi amagona m'khosi mwanga. Zenera palibe. Choko m'nyumba muno sindinasungepo chibadwire.

Sindinadye.

Lachisanu, 2 Julayi

Dzulo ndinamuyesa mwini choko uja. Ndinamanga matayala a kumbuyo, nati imodzi n'kuisiya dala yosalimba, ndinaipaka girisi kuti ifanane ndi zinzake. Potseka ndinawaza phulusa pakhomo, mkati ndi kunja.

M'mawa phulusa lili see, popanda phazi ngakhale la khoswe. Manati onse ali ndi choko kupatula ija. Sipanala ya hafu inchi ili pansi, kulunjika pomwepo. Ine ndinaipachika pa msomali, ndikukumbuka bwino.

Ndaseka, koyamba chaka chino. Ndi iyeyo, mwano wake womwe uja. Ali pafupi. Mwina manyazi, mwina mantha, otuluka kundende amakhala choncho, amayamba azungulira mudzi asanalowe. Ndamuikira tiyi ndi chinangwa pa benchi.

Lamlungu, 11 Julayi

Kutchalitchi nthungululu. Bambo wina wa ku Msongwe wabwera kuchokera ku Zambia, zaka makumi awiri, imvi mbuu, sutikesi imodzi. Anamuimika kutsogolo. Dinah sanamuyang'ane, maso ake anali pa chitseko.

Potuluka Winston wandikokera pambali. Wapeza munthu amene anali kundende zaka zimenezo. Akuti Solomon makaniko amamukumbuka, ankakonza maloko a ndende yomweyo, alonda ankamukonda. Chaka cha 1978 m'mawa wina anamuitana ndi dzina. Bulangeti lake linatsala, anagawana anzake. "Adada, mwamva?"

Ndati bulangeti si munthu.

Za choko zinafika pakamwa. Ndameza. Akanati ndi ukalamba, kapena akanabwera ndi abusa.

Tiyi sakumwa. Ndimataya m'mawa uliwonse, n'kuikanso wina.

Loweruka, 17 Julayi

Mvula yowaza masiku atatu. Moto sukufika ku pulagi. Maginito ndawayanika pafupi ndi mbaula, ndapala ndi sandipepa.

Nkhuku zasiya kulowa mu shedi. Kale zinkaikira mazira momwemo. Pano zimafika pakhomo, kupendeka mutu, kubwerera.

Choko chikupitirira. Thanki, chiwongolero, mabuleki. Pomwe ndalakwitsa amasiya. Walondola paliponse, sindinamupezepo cholakwa, ndipo ndafunafuna.

Lachinayi, 22 Julayi

Masana, dzuwa lili pamutu, chitseko cha shedi chili chotsegula. Ndinagona chagada pansi pa kathirakitala, kulimbana ndi bawuti ya ngolo. Sipanala ili kutali. Ndinatambasula dzanja kumbuyo osayang'ana, n'kuti hafu inchi, monga ankanenera iye ku esiteti. Kale wopereka ndinali ine.

Inabwera m'dzanja. Yozizira ngati yochoka mumtsinje.

Sindinacheuke. Ndinamanga bawuti ija mpaka kumapeto, ndinati yewo. Ndinakhala pansipo mpaka msana kuzizira. Zanga zija sindinanene. Ndinadziuza kuti nkhani yotere sanenera chagada, munthu osamuona nkhope. Ayambe waonekera.

Masiku asanu ndi anayi.

Lachiwiri, 27 Julayi

Kalira.

Handulo kachitatu, kutsokomola, utsi wakuda, kenako mawu ake omwe aja, du du du, ngati mtima wa ng'ombe. Amayi a m'nyumba zoyandikana anatuluka ndi zipande m'manja. Ndinazungulira bwalo kawiri. Ndinakaimika pakati, geti chitsegukire, handulo m'manja, maso kumsewu.

Anadutsa wa makala. Anadutsa amayi a nthochi. Galu.

Petulo anatha cha m'ma folo koloko, kanazima kokha. Bata lake linandigwetsa pansi.

Munthu wamoyo sadutsa pa loko. Munthu wamoyo amaponda phulusa, amamwa tiyi kukazizira chonchi. Ndinadziwa tsiku la phulusa lomwe lija. Kachiwiri m'moyo wanga ndayang'anitsitsa chinthu n'kunamizira kuti ndawerenga.

Sabwera pa geti. Ndiye zanga zija ndinene kwa yani. Watsala ndi Dinah.

Lachinayi, 29 Julayi

Ndinapita wapansi, pang'onopang'ono. Ndinamupeza akusenda chinangwa choviika cha kondowole, chakudya cha anthu a pamaliro Loweruka. Anandipatsa mpando, ndinakhala pansi pa dothi. Anaona, sanafunse.

Ndanena zonse. Ofesi, pepala, kalaliki, dzina langa. Mpeni wake sunaime.

"Ndiye simunaliwerenge." Ndati ayi. "Simunkatha." Ndati ayi.

Anasenda china, n'china. "Ku esiteti nyumba yathu inali khomo lachitatu kuchokera kwanu. Makalata a laini yonse ankawerenga ndi mlamu wanu." Kenako, "Tsopano ndamvetsa. Inu mukabwera ankawerenga nyuzipepala mokweza, ngati akudziwerengera yekha. Ndinkamuseka nazo."

Ankadziwa. Zaka zonse zija pa esiteti ankadziwa, osandiuza, osauza ngakhale mkazi wake.

Ndamuuzanso za choko. Ndimayesa aseka kapena athawa. Apo m'pamene mpeni unaima. "Kwa ine sanabwerepo ngakhale kumaloto. Ine wogona chitseko chosakhoma zaka zonsezi. Wakasankha inu ndi chitsulo."

Sanandithamangitse. Bola akanatero. Wati nthochi ndikadule ine, ya kuseri kwa nyumba yake, ndiinyamule pa ngolo ya kathirakitala mpaka kumanda. Malo asankha pafupi ndi Mabel. Ndipo poyankhula ngati wamkulu wa banja ndinene zomwe ndamuuzazi, pamaso pa onse, aphunzitsi, makalaliki, anzake a Winston. "Osati zoti anakupusitsani, alamu. Munene kuti simunkatha kuwerenga, munachita manyazi, munthu n'kupita."

Za kukhululuka sanatchule. Inenso sindinapemphe.

Lachisanu, 30 Julayi

Zoti ndinapereka mlamu wanga ndingathe kuzinena. Ambiri anapereka anzawo, chaka chino aliyense akuulula, ena mpaka kunyadira. Koma zinazo. Anthu a mu Zolozolo amabwera kwa ine ndi makalata a ana awo a ku Joni kuti ndiwawerengere. Amati madala aja anaphunzira kwa amishoni. Sindinawatsutsepo.

Ndaona ndekha kuti chondilemera ndi chiti. Ndachita nacho manyazi, komabe chikulemera ndi chomwecho.

Nditha kudwala. Mawondo alipo, aliyense amawadziwa. Winston ayankhule yekha, Chingerezi ali nacho.

Chikwanje ndanola, poti kunola si kulonjeza. Petulo ndathira wodzaza thanki. Mu shedi lero mulibe choko chatsopano. Palibe chotsala choti ayendere.

Ndatseka, kiyi m'khosi. Sindinaganize kanthu.

Loweruka, 31 Julayi

Kwacha ndi nkhungu, nyumba ya aneba yosaoneka. Ndinadzuka nditatsimikiza zodwala. Ndinangoti ndikaone shedi.

Loko ali chitsekere. Mkati fungo la utsi. Ndaika dzanja pa injini, yofunda. Sinalire chiyambire Lachiwiri. Petulo watsika zala ziwiri. Matayala onse anayi dothi lofiira lonyowa, ndi masamba a bulugamu omatirira. Pabwalo panga palibe bulugamu. Ali kumanda, mzere wa kumunsi, komwe kuli Mabel.

Ndafunsa mayi wa khomo loyandikana ngati anamva kulira kwa injini. Akuti ayi, anagona bwino chomene.

Wakaona malo ake. Akanadana nawo ndikanadziwa, Solomon ntchito yoipa sankaisekerera. Wabweza kathirakitala, wakaimika choyang'ana ku chitseko, ngolo yomangirira kale. Ine ndinakasiya choyang'ana kukhoma.

Ndavala jekete lakuda. Mawondo akupweteka zenizeni tsopano, koma mpando ulipo.

Sindinkatha kuwerenga, koma ndinati ndawerenga. Mawu asanu. Ndawanena kawiri mu shedi, mokweza, kachiwiriko mawu sananjenjemere. Kumanda kudzakhala anthu mwina mazana awiri.

Winston ali pa geti, akuitana. Chikwanje, chingwe, handulo