Dzina Lachinayi pa Pepala la Bwana

Namitete,
14 Ogasiti, 1956.

Okondedwa alongo anga a Felesita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mphepo yayamba, fumbi lili koboo. Kalatayi ndayiyamba katatu, katatu konse ndikung'amba. Mtima sukukhala pansi.

Munamva kuti ndinalowa ukapitawo pa esiteti ya fodya, ndipo munakondwa. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kapitawo sayang'anira fodya yekha ayi. Msika utatha, bwana anandipatsa pepala la mabanja asanu ndi awiri amene fodya wawo sanamukondweretse, nati achoke, m'nyumba zawo mulowe ena. Dzina lachinayi linali la atsibweni athu a Chikoti.

Ndinachonderera. Ndinati, "Bwana, awa ndi amene anatilera amayi atamwalira. Chaka chino chifuwa chinawagoneka, n'chifukwa chake munda unawakanika." Iye anangoti esiteti si chipatala.

Kuno munthu sitimuthamangitsa ndi ndodo. Timangozula chitseko ndi kusasula denga, zotsalazo mphepo imamaliza yokha. Lachiwiri m'mawa ndinapita. Alongo, ndinapita ndithu, ndi mapazi angawa. Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa. Anayang'ana chitsulo chimene ndinanyamula, nati, "Lazaro, wabwera pa ntchito, kapena wabwera kudzandiona?" Iwo anadzuka, nandigwirira chitsekocho kuti chisandigwere. "Zula bwino," anatero, "ndi mlombwa umenewu, ungang'ambike." Akazi awo, a Dorothy, anangofunda nsalu kumaso.

Denga sindinalikhudze. Manja anakana.

M'mawa mwake ndinanama kuti ndadwala, ndinapalasa njinga mpaka ku Boma ku Lilongwe, chifukwa aphunzitsi a Clement, a kumpingo kwathu, anandiuza kuti lilipo lamulo loteteza anthu okhala pa malo a azungu. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Kalaliki anali munthu waulemu, anandimvera mpaka kumapeto, natsegula buku. Anati lamulolo limateteza amene analembedwa kuti ndi okhazikika, otere sachotsedwa mwadzidzidzi. Koma atsibweni analembedwa kuti ndi mlendo wodzalima dzinja limodzi.

Ndinati, "Mlendo wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, eti? Mango amene anabzala akudyetsa esiteti yonse, ana awo awiri anaikidwa komweko!"

"Pepani bambo," anatero, "ine ndimawerenga zimene zalembedwa."

Anandilangiza kulemba dandaulo, koma anati yankho lingatenge miyezi itatu. Ndinalemba, dzina langa n'kuliika pansi pake.

Pofika Lachisanu bwana anali atamva. Anandiitanira pachigafa cha fodya, nandilanda wezulo ndi chipewa cha ukapitawo anthu onse akuona, ntchito n'kuthera pomwepo. Nyumba imene ndikulemberamo inonso ndi ya esiteti, tsono Loweruka likudzali kubwera wina kudzazula chitseko changa. Ndikumudziwa, ndi Anthony, amene tinabatizidwa naye tsiku limodzi. Sindikumuda. Nayenso ali ndi ana.

Atsibweni sanadikire yankho la ku Boma. Anakweza katundu pangolo kupita ku Nsaru, kwawo kwa a Dorothy, kukayamba chikamwini mutu uli mbuu. Ndinaithamangira ngoloyo mpaka kumsewu waukulu kuti ndiwauze za dandaulo lija. Anati, "Wachita bwino," koma sanatembenuke.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Funsani alamu ngati kumene amagwirako kuli malo, ntchito iliyonse, ngakhale yosesa. Komatu mtima uli pawiri. Ndikachoka, yankho likabwera adzalilandira ndani? Ndikakhala, ndikhala pati? Tsiku lonse ndimangozungulira pabwalo, kulowa, kutuluka, osadziwa chimene ndikufuna. Ndiuzeni chochita, akulu ndinu. Chachiwiri, muwalembere atsibweni. Kalata yanu adzaitsegula. Musandiikire kumbuyo m'kalatamo, mungowafunsa za chifuwa.

Mlamu wanu Salome akupereka moni. Ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pamene ndikulembapa akumanga mitolo osandifunsa kumene tikupita. A Clement akuti Ambuye akusungeni. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana onse, aliyense pa dzina lake. Moni wa atsibweni ndilibe. Sanandipatse, nanenso sindinalimbe mtima kuupempha.

Poyankha musalembe keyala ya esiteti. Mulembe ya kumpingo.

Ndine mlongo wanu,
Lazaro.