Akufuna kukwatitsa mwana chifukwa cha khadi la inshuwalansi

Aphungu,

Ine mutu waima. Kalatayi ndikulemba nditakhala m'galimoto panja pa nyumba yanga yomwe, chifukwa ndikalowa m'katimo ndilankhula mawu oti ndikachite nawo manyazi kutchalitchi.

Mwana tili naye mmodzi yekha, Brenna. Anamupeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chiyambire amadzibaya insulini tsiku lililonse. Mpaka pano ali pa inshuwalansi ya zachipatala ya kuntchito kwa bambo ake, a Darrell, amene amayendetsa kagalimoto konyamulira katundu m'fakitale ya makatoni. Koma mu Malichi akukwanitsa zaka 26, ndipo inu mukudziwa kuti apo ndiye amafufuta dzina la mwana pa inshuwalansi ya makolo.

Ntchito ali nayo. Amakongoletsa makeke mu sitolo ina yaikulu kuno. Lamulo la boma la zaumoyo litanena kuti makampani akuluakulu azipereka inshuwalansi kwa aliyense wogwira maola 30 pa sabata, eni sitolo anangoseka, n'kuyamba kupatsa anthu maola 29. Tsiku lina bwana wake anamulanda mpeni wopakira kirimu, keke ya ukwati ili pakati. Akuti, "Siyira pompo, Brenna, nthawi yako yakwana. Dzipita, wina amalizitsa." Keke ya eniake, Aphungu! Ngati zimenezi si ufiti, ndiye ufiti ndi uti?

Ndiye a Darrell apeza mankhwala awoawo. Pali mnyamata wina, Wade, dalaivala wa basi za mumzinda, amene anapitapo ndi Brenna kokadya kangapo. Ndi munthu wabwino, sindikana, koma nkhani ali nayo imodzi basi, ya matayala. Brenna akuti ukakhala naye pang'ono umayamba kuwerenga njerwa za pakhoma. Koma inshuwalansi ya kuntchito kwake ndi yapamwamba, moti a Darrell amukonda kuposa mmene anandikondera ine tili pachibwenzi. Lamlungu lililonse, "Wade, bwera udzadye." Tsiku la chikondwerero cha Thanksgiving, nkhukundembo ili patebulo, achibale ali mbwee, bamboyu anati, "Wade, mwana wanga, tatulutsa khadi la inshuwalansi lija anthu alione." Naye wogonayo n'kulitulutsadi m'chikwama! Khadi linazungulira tebulo lonse ngati mbale ya mbatata. Mng'ono wanga mpaka anavala magalasi.

Brenna anaimirira. "Adadi, ndiye mwandiika pamsika eti? Mtengo wanga ndi botolo la insulini?"

Iwo osaphethira n'komwe. "Chikondi sichitsitsa shuga, mwana iwe. Ndi matenda akowa, palibe kampani ingakulandire pawekha. Ine ndinayesa."

Kuyesako anayesadi. Brenna ali wamng'ono, a Darrell ankafuna kusiya fakitale kuti atsegule galaja yokonza njinga zamoto. Anaimbira makampani a inshuwalansi, ndipo aliyense akangomva za shuga wa mwana ankati pepani. Anakhalabe m'fakitalemo mpaka msana unatha, moti pano masokosi ndimawaveka ndine. Ndikawauza kuti anthu akuti zinthu zinasintha, amangoti, "Mayi a Brenna, njoka ikafundula imakhalabe njoka."

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Dzulo ndinapita komwe Brenna amachita lendi, ndipo nditatsegula firiji ndinapeza mabotolo a insulini ambiri kuposa oyenera kukhalamo. Nditamupanikiza anaulula kuti wayamba kudzibaya yochepa kuti asungeko ya mtsogolo. Mwana wawonda, maso alowa m'kati. Kenako anati, "Amayi, mwina ndingomulola Wade uja. Nkhani za matayala sizinaphepo munthu."

Ndakwiyira sitolo, ndakwiyira amuna anga, ndakwiyira ngakhale Wade amene sanandilakwire kanthu. Ndimusiye mwana wanga alowe m'banja ndi munthu amene sakumukonda, kapena ndiwaphwasulire zimenezi n'kumusiya wopanda mankhwala? Ndithandizeni, ndatopa.

P. K., Dayton

Mayi P. K.,

Tsikani m'galimotomo, pali ntchito.

Za ukwati tiziike kaye pambali. Lero lomwe lino Brenna aimbire dokotala wake, amuuze chilungamo pa zomwe wakhala akuchita ndi insulini. Kuchepetsa mankhwala amenewo kumagoneka anthu m'chipatala, ena osabwerako. Inshuwalansi ya bambo ake ikugwirabe ntchito, ndiye akusungiranji za mu Epulo m'njira yoti Malichi yemweyo asamuone? Zimenezi zandikwiyitsa kuposa za keke zija.

Tsopano a Darrell. Bambowa akulondera munda woti anthu anakolola kalekale. Zomwe akuchita eni sitolo n'zonyansa, ngakhale kuti lamulo silingawagwire. Koma lamulo lomwelo limene iwo akulizemba ndi limenenso linaletsa makampani a inshuwalansi kukana munthu, kapena kumukwezera mtengo, chifukwa cha matenda amene ali nawo kale. Brenna angathe kukhala ndi inshuwalansi yakeyake kudzera pa msika wa boma wa pa intaneti, ndipo kuchotsedwa pa khadi la bambo ake kumamutsegulira khomo ngakhale nyengo yolembetsa itadutsa. Khomolo limatsekeka pakangotha miyezi iwiri, choncho asadikire kuzimitsa makandulo a tsiku lobadwa. A Darrell akafunse ku ofesi yoona za antchito tsiku lenileni limene dzina la mwana lidzafufutidwe, kuti pakati pasadzakhale mpata.

Ndi malipiro a maola 29, n'kutheka kuti amutsitsira mtengo, kapena alowa m'thandizo la boma la anthu opeza zochepa. Sindikulonjeza, chifukwa malamulowa andale amawagwedeza pafupipafupi. Koma alipo alangizi amene amathandiza kulembetsa kwaulere. Apite kwa mmodzi atatenga dzina la insulini yake ndi la dokotala wake, ndipo asasaine kanthu asanaone ndi maso kuti zonse ziwiri zilimo.

Wade mumumasule, wosauka uja. Iye akuganiza kuti mumamuitanira nkhope yake. Komanso taganizani, tsiku limene adzayambane, Brenna adzayankha bwanji moyo wake uli m'chikwama cha mwamuna? Ukwati wotero mkazi amapepesa ngakhale pomwe sanalakwe. Lamlungu likubwerali akabwera mumupatse chakudya monga mwa nthawi zonse, koma chikwama chikhale m'thumba, ndipo Brenna amuuze yekha kuti mtima wake suli pamenepo.

Chenjerani ndi anthu oimba foni amene amagulitsa inshuwalansi zotchipa za miyezi yochepa. Akangomva kuti mukufunafuna adzakuimbirani ngati mwawalodza. Zambiri mwa zimenezo sizilipira matenda amene munthu ali nawo kale, ndipo apo ndiye njoka ya a Darrell ija ikadali ndi mano.

Chenjeraninso ndi pakamwa panu, mayi. Amuna anu musawakalipire. Anakanidwa mwana akudwala, ndipo mantha amenewo sanawachoke mpaka lero. Mupite nawo kwa mlangiziyo kuti akamve ndi makutu awo akunena kuti Brenna walandiridwa. Akakakamirabe za Wade, musakweze mawu. Iwo anakwatira fakitale chifukwa cha khadi lomweli. Mawa m'mawa, mukuwaveka masokosi aja, muwafunse ngati umenewo ndi ukwati umene akumufunira mwana wawo.

Aphungu