Mgolo Wanu Ndauboola

Bambo a ana,

Ndathamangira basi. Mkamwini waimba foni kuti mwana wathu nthawi yake yakwana, ndiye ndikakhala komweko mpaka mdzukulu alimbe khosi.

Pepani, mgolo wanu wabuluu uja ndauboolaboola ndi msomali wamoto. Uli kuseri kwa khitchini, ndi wa manyowa tsopano. Ndinasankha waukuluwo ngati kuti tikadali asanu ndi awiri m'nyumba muno, chonsecho makoko a anthu awiri sangafike ndi pakati pomwe.

Muziponyamo makoko a nthochi, zigoba za mazira ndi masamba ouma. Mafupa ayi, mungaitane makoswe. Loweruka lililonse muzitembenuza, zikauma muwazemo timadzi. Mukapisa dzanja n'kumva kufunda, ndiye kuti zikuwola bwino. Miyezi iwiriyi kufunda kwanu n'komweko.

Ndimakudziwani inu, ndikangochoka mumadya buledi ndi tiyi choimirira. Buledi alibe makoko, bambo. Muziphika. Tsiku lobwera, ndisanakupatseni moni ndidzayamba ndavundukula mgolowo, ndipo ndikadzaupeza wanjala mudzandiona.

Chikwama chili m'manja, nsapato ndavala, koma miyendo ikukana kutuluka.

Ndine wakuba mgolo wanu