Ng'oma ya Ustad Mehtab ikumira m'nyimbo yanga

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ustad Mehtab, amene akhala akundiphunzitsa kuimba ng'oma ya dhol, avomera kuti ndijambule kaimbidwe kawo. Sanalolepo munthu wina aliyense. Ndadula tizidutswa ta ng'omayo n'kuika m'nyimbo yanga pamodzi ndi limba la hamoniyamu ndi besi ya pakompyuta. Mchemwali wanga wakondwa moti akufuna ivinidwe pa mehndi yake, tsiku lopaka utoto wa hina m'manja ukwati usanachitike.

Koma zonse zikalira pamodzi ng'oma ikumira, kukungomveka chimkokomo ngati lole yodutsa pamlatho. Mnzanga Daniyal akuti, "Iwe, dula mawu apansi a ng'omayo ndi fyuluta, kosefera mawu ka pakompyuta kaja. Mdalayo sangadziwe, makutu anatha kalekale." Chonsecho tsiku lojambula Ustad anandigwira phewa n'kunena kuti, "Mwana wanga, chikopa ichi ndinakunga ndekha. Ukachikhudza ndi timakina takoto, usadzapondenso pakhomo panga."

Pa mehndi Ustad adzakhala pampando wakutsogolo. Nditani?

S.R., Multan

S.R. mwana wanga,

Ndakondwa nawe, ndipo vuto lakoli ndi lochizika. Mbali yaikulu ya dhol imalira pansi penipeni, pamene besi yako ikuliranso. Ziwiri zikalimbirana malo amodzi zimaphimbana. Daniyal walondola kuti chimodzi chipereke malo, koma waloza cholakwika. Ustad akalowa m'chipinda, amaimirira ndani kuti awapatse mpando? Iwe. M'nyimbo muno n'chimodzimodzi.

Yamba ndi hamoniyamu. Ili ndi mawu apansi amene sakugwira ntchito, akungodzaza malo. Asefe ndi fyuluta pang'onopang'ono mpaka iyambe kumveka yowonda, kenako ubwerere m'mbuyo pang'ono. Ukatero pita ku besi. Pa ikwalaiza, chida chokwezera ndi kutsitsira mawu apansi ndi apamwamba, ufufuze pamene ng'oma ikugunda mwamphamvu, uchepetse besi pamalo omwewo. Usathamangire kukweza ng'oma, chifukwa udzangowonjezera phokoso. Ikapeza malo idzatulukira yokha, udzadabwa.

Zonsezi uzichita zida zikulira pamodzi. Besi ikamveka yopepuka payokha usadandaule, alendo sadzaimva payokha. Uyesenso nyimboyo pa masipika aakulu, chifukwa mahedifoni amanamiza pa mawu apansi.

Chenjezo langa ndi ili: mwina muzojambulazo munalowa mkokomo wa rikisho, njinga zamoto zonyamula anthu mumsewu, ndipo udzafuna kuusefa. Ngakhale zimenezo usachite mobisa. Munthu amene waimba dhol moyo wake wonse amaimva m'chifuwa, makutu angafooke bwanji. Tenga bokosi la maswiti, upite kwawo mehndi isanafike, uwaikire nyimbo yonse amve ndipo uziyang'ana nkhope yawo. Akayamba kugunda bondo ndi zala, kauze mchemwali wako akonzeke kuvina. Akakwinya nkhope usatsutse. Bwerera ukachepetsenso besi yako.

Aphungu