Tiasilikali tanga m'chimbudzi

Lachitatu, pakati pa Juni. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga ukuwira.

Chimwalirireni mayi a ana, nyengo yachisanu imandilemera. Chimene chimanditsitsimula ndi tiasilikali timene ndimaumba ndi dothi la kudambo, n'kutipaka utoto ndi nthenga ya nkhuku. Loweruka timatimenyanitsa pathebulo ndi a Banda, mphunzitsi mnzanga, tofiira kulimbana ndi tobiriwira.

Lero ndinatiyanika pakhonde. Pobwera kusukulu ndapeza alamu anga, a Nachisale, atatitaya tonse m'chimbudzi.

"Alamu, munthu wa mpingo n'kumasunga zidole zokhala ndi maso? Eti mumazituma kukakawa chimanga m'nkhokwe za eni!"

Ndinawafotokozera modekha, monga ndimachitira m'kalasi, kuti ndi masewera chabe. Iwo anangoti, "Nanga chathu chachepa bwanji chaka chino?" Chonsecho feteleza anathira mochedwa ndi iwo omwe.

Akuti Lamulungu nkhaniyi aitula kwa akulu a mpingo. Aitule, ine sindikapepesa. Mawa ndiumba msilikali wa mphuno ngati ya alamuwo, aziyamba kugwa ndi iyeyo. Koma akangomuona ameneyo adzati ndikuwalodza, ndiye mlandu ndaluza...