Mwezi Wathunthu Mukundibisira Maliro

Addis Ababa,
Lachiwiri.

Okondedwa achimwene Fantahun,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko ku Bichena? Nanga amayi akumadya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mutu sukugwira. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu sangatuluke, komanso kunena zoona, mawu anu apafoni sindikuwakhulupiriranso.

Dzulo m'bandakucha ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza amalume Workineh ali ndi mayi Askale, eni nyumba imene ndimachita lendi, onse atafunda nsalu zoyera. Mukudziwa chimene akuluakulu amanyamula akafika nthawi yotero. Ndinaganiza za azakhali, poti ndiwo odwaladwala. Koma amalume anandikhazika pansi n'kundiuza kuti bambo anatisiya, ndipo papita masiku makumi atatu ndi atatu.

Masiku makumi atatu ndi atatu, achimwene! Ine n'kumadya, n'kumaseka ndi anzanga kufakitale, n'kumasoka makolala a malaya, bambo anga ali m'dothi.

Amalume akuti munapangana kudikira kuti ndimalize mayeso, amene omaliza ndalemba Lowerukali. Mayi Askale ankadziwa kuyambira sabata yoyamba. N'chifukwa chake ankandisiyira mkate wa injera ndi ndiwo za shiro pakhomo, ine n'kumati mayiwa ukalamba wawafewetsa mtima. Inunso Lamulungu lililonse munali ndi yankho: bambo apita kokaona ng'ombe, bambo ali kutchalitchi, bambo agona. Bodza munaliphunzira kuti, inu amene mumachita chibwibwi mukangoyesa kunama?

Ndinalalata mpaka anansi anatuluka. Amalume anandisiya ndithe mpweya, kenaka anandilozera pepala limene lili pakhoma langa, amvekere mwana wa mlongo wanga, lamulo limeneli sitinalembe ndife.

Sananame. Nditayamba sukulu yapakalatayi, aphunzitsi anatiuza kuti wophunzira wopanda belu amadziimbira yekha. Ndiye ndinaligawa tsiku, n'kulemba kagawidweko papepalalo. Kuwerenga kusanache, kumvera maphunziro pafoni ndili m'basi, kulemba ndikaweruka. Khofi wa anansi ndinasiya, chifukwa makapu atatu aja ndi nkhani zake amadya maola awiri. Inu akumudzi ndinakupatsani mphindi khumi Lamulungu, ndipo ndinakuuzani kuti tsiku lina musandiimbire ngakhale nyumba ikupsa. Ndinkanyadira zimenezi, mpaka kumaphunzitsa anzanga kagawidwe kake.

Lolemba lina foni inalira. Ndinaona kuti ndi bambo, koma ndinali pakati pa tsamba. Ndinaivundikira patebulo, ndikuti ndiwaimbira Lamulungu. Amalume akuti tsiku limenelo n'kuti bambo ali m'chipatala, ndipo anamwalira Lachitatu lake. Akuti foni itapanda kuyankhidwa anaseka, n'kunena kuti mphunzitsi wathu akuwerenga, musiyeni, ngakhale zitavuta mudzamuuze akatseka mabuku. Ndiye ndiuzeni, achimwene, ndikwiyire ndani?

Chimene chikundiopsa n'chakuti misozi sikubwera. Chipinda changa chadzaza ndi azimayi omwe aja ndinkawakanira khofi. Iwo akulira bambo amene sanawaonepo, ine mwana wawo maso ali gwa. Lero ndangozindikira ndadzuka nthawi yanga ija, ndakhala patebulo buku lili m'manja, mayeso atatha kale. Mayi Askale andilanda bukulo.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ibwera ndi amalume, amene anyamuka mawa. Ine akuntchito andilola kuchoka Lachisanu, kuti ndidzakhalepo pa mwambo wa tsiku la makumi anayi wokumbukira bambo. Mudzandichingamire potsikira basi ku Dejen, inu nokha. Tidzakhale penapake, mudzandiuze zonse: anadwala chiyani, anamva ululu kapena ayi, anawatseka maso ndani. Musadzadumphe kanthu pondimvera chisoni, chisoni chanu ndachiona kale. Nthawi musadandaule nayo, tsopano ndili nayo yambiri. Mwina ndikamva kuchokera pakamwa panu ndidzalira. Ndikuopa kulowa pabwalo pa amayi maso ali ouma, anthu n'kumanong'onezana kuti sukulu yamuumitsa mtima.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikubwera. Moni kwa alamu a Tiruwork ndi ana, kwa azakhali, ndi kwa onse amene anakumba manda ine kulibe. Mukhululuke pofufutapo pamwamba pa mzerewu. Dzanja linayamba ndi moni wa bambo.

Ine mlongo wanu,
Etenesh