Thabwa la Libasse Likumwa Madzi

Aphungu,

Zimene mumalemba za matabwa okwerera mafunde ndakhala ndikuwerenga kuyambira ndili mnyamata, koma sindinkadziwa kuti tsiku lina wodandaula adzakhala ine. Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Yoff, ndipo ndimaphunzitsa alendo kukwera mafunde pa sukulu ya a Thiaw kugombe kuno. Chaka chatha njinga yamoto inandigunda, bondo lamanzere n'kusweka. Ndinachira, ndikuyenda, koma bondolo silipinda ngati kale, ndipo ndi mwendo womwewo umene ndimatsogoza ndikaima pa thabwa. Miyezi imene ndinagona ija ndinanenepanso. Pano ndikukwana makilo pafupifupi 90.

Thabwa langa ndi lalifupi, limene ndinkachitira mipikisano. Lero ndikagonapo limamira mpaka madzi kundifika m'khwapa. Mafunde a masiku ano mukuwaona nokha, olekeza m'chiuno, opanda mphamvu. Ndimapalasa, funde n'kudutsa pansi panga, ine n'kutsala pomwepo. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha amafuula akudutsa: "Mdala, tikuitanireni bwato la injini lidzakukokeni?" Ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Koma a Thiaw sakuseka. Anandiitanira pambali n'kunena kuti: "Mlendo akatengedwa ndi madzi iwe ukamufikira liti? Matabwa a sukulu sakwanira ndi alendo omwe. Peza thabwa lokunyamula nyengo ya alendo isanayambe, apo ayi ndiikapo wina."

Ndikudziwa kuti chondiyenera ndi thabwa lapakatikati, losafupika ngati langali komanso losatalika kwambiri. Thabwa lotero lilipo, pakhomo pathu pomwe. Ndi la mkulu wanga Libasse.

Libasse anakwera bwato lozembetsa anthu okafuna ntchito ku Sipeni, ndipo kwadutsa mvula ziwiri. Ananyamuka ndi anyamata ambiri a kuno. Palibe amene anaimba foni, palibe mtembo umene unapezeka, ngakhale chidutswa cha bwatolo. Mabanja ena anachita kale sadaka. Amayi anakana. Iwo amati Libasse ali m'ndende kwinakwake kopanda foni, ndipo adzatulukira.

Thabwa lakelo ndi la mafiti seveni ndi mainchesi anayi, lotakata pachifuwa, lokhala ndi malo kumimba kwake oikapo zipsepse zoliwongolera, chachikulu pakati ndi tiwiri ta m'mbali. Asananyamuke anachotsa zipsepsezo, ndipo zili m'bokosi la amayi pansi pa nsalu zawo. Amayi ndi mkazi wa msodzi, malemu bambo anali ndi bwato lawo. Mukudziwa mmene timachitira: bwato la munthu amene ali paulendo silisiyidwa kuti liume pamchenga, abale amalithira madzi kuti lisang'aluke. Amayi atenga lamulo lomwelo. Thabwalo analiimika pabwalo, litatsamira khoma, padzuwa, kuti mwiniwake akangolowa pachipata alione. M'mawa uliwonse amapita kunyanja ndi ndowa yawo, n'kudzalithira madzi kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Akatero amasisita sera wakale woletsa phazi kuterereka, pamene zidendene za Libasse zinadinda.

Pafupi ndi mphuno pali mng'alu umene Libasse ankati adzamata. Pano kuchokera pamng'alupo patsika banga lofiirira, pamwamba patupa ngati chithupsa, ndipo nditalinyamula mozemba ndinamva kuti lalemera.

Ndinapemphako kamodzi. Ndinati: "Amayi, ndibwerekeko thabwali mpaka achimwene abwere." Anayankha osandiyang'ana: "Wayamba kugawa za m'bale wako ali moyo? Katundu amene amagawidwa ndi wa wakufa. Ngati pali chimene ukufuna kunena, nena." Kenako anati: "Mpunga ukuzizira, kadye." Nkhani inathera pomwepo.

Mnzanga Elimane akuti pali bwato lina la ku Sipeni lidzanyamuka mvula ikatha. Anandiuza kuti: "Wotsimphina ngati iwe amakhala pakati, palibe chopalasa, injini ilipo. Ukudikira chiyani pano, kuti ana akuseke mpaka umere imvi?" Aphungu, sindinamuvomere, koma sindinamukanenso.

Ndikupempha ziwiri. Choyamba, mundiuze ngati thabwa limeneli lingandinyamule ndi bondo langali, komanso mmene ndingaikire zipsepse pa mafunde ang'ono. Chachiwiri ndiye chachikulu. Lembani kuti thabwa lili ngati bwato, kuti madzi a m'ndowa sakwanira, liyenera kulowa m'nyanja munthu ali pamwamba, apo ayi liwonongeka. Amayi sadziwa kuwerenga koma dzina lanu amalilemekeza. Ndikawawerengera adzandipatsa, ndipo sadzaganiza kuti ndanena kuti Libasse anamwalira.

B. S., Yoff

B. S.,

Bodzalo sindilemba. Ndayamba ndi pamenepo kuti usavutike kulifunafuna m'munsimu.

Ine sukulu ndinaisiya panjira, kulemba bwino ndaphunzira ndili ndi ndevu, ndipo ntchito ya matabwa ndinaidziwa pomata osweka amene azungu ankataya ku Ngor. Chimene ndili nacho ndi chimodzi: ndikanena kuti thabwa ili lafa, munthu sapita kukafunsa wina. Ndiye ukufuna nditenge chimenecho ndikanamizire mayi amene akudikira mwana wake? Ndipo bodza lakolo ndi lopusa. Ukadzabwera nalo thabwalo kuchokera kunyanja, m'mawa mwake amayiwo adzalithiranso ndowa ina.

Zoona ndi izi. Bwato ndi mtengo, likamwa madzi limafufuma, ming'alu n'kutsekeka. Thabwa lokwerera mafunde mkati mwake ndi mofewa ngati chinkhupule chouma, kunja kokha ndiye kuli chikopa cholimba, chopyapyala. Madzi akalowa satuluka okha, amaoletsa mkatimo. Dzuwa likawomba amasanduka nthunzi n'kukankha chikopa chija, ndicho chithupsa chimene waonacho. Amayi ako akulipha thabwalo ndi ndowa yawo, ndipo sakudziwa. Iwe ukudziwa. Ntchito yako ndi imeneyi, banga lija unaliona likuyamba, ndipo wakhala ukuonerera mvula ziwiri uku ukudya mpunga. Amene wandikwiyitsa ndi iwe, osati iwo.

Libasse ndikumudziwa, ndipo thabwa limenelo linadutsapo m'manja mwanga. Likanakhala louma ndikanati ukavine. Munthu wa makilo 90 wa bondo louma, pa mafunde olekeza m'chiuno, amafuna zomwezo: mafiti seveni ndi kanthu, chifuwa chotakata ndi chonenepa, mimba yosapindika kwambiri kuti liziyamba kuyenda funde lisanaime. Koma sindikudziwa ngati likadali thabwa.

Uyambe walichotsa padzuwa. Kenako ika milomo pamng'alupo, uyamwe. Ukamva mchere, muli madzi. Dinikiza ndi chala chachikulu mozungulira chithupsacho. Ngati pofewa pakukwana chikhatho, likonzeka. Kuza mng'aluwo pang'ono ndi mpeni, ulizondotse mphuno pansi, pamthunzi podutsa mphepo, ulisiye lidonthe milungu ingapo. Usalimate lisanaume, usaliike pafupi ndi moto, ndipo usamvere aliyense wokuuza kuti umate ndi sera. Ukayamwanso osamva mchere, bwera nalo kwa ine tidzalitseke. Koma ngati pofewapo pafika pachifuwa, kapena ukalipinda pang'ono likulira mkati, lafa. Likatero usalowe nalo m'madzi. Lidzathyoka pakati uli ndi mwana wa eni ake kuseri kwa mafunde.

Likapulumuka, zipsepse uike chonchi. Chachikulu chija uyambire pakati pa mpata wake, kenako uchikankhire kumbuyo pang'ono, mulingo wa chala chimodzi. Kumbuyo thabwa limakhazikika, kutsogolo limapotoka msanga, ndipo bondo lako silikufuna zopotokapotoka. Tiwiri ta m'mbali utisiye m'thumba mafunde akakhala ang'ono, timangokoka madzi. Udzatiike mafunde akakula. Kamsomali komangira chipsepsecho ukamange ndithu, ndatopa ndi anyamata obwera akulira kuti chipsepse chatsala m'nyanja. Chingwe chomangira thabwa kumwendo ugule chatsopano, chotalika ngati thabwalo. Cha Libasse, ngati chilipo, chinaola kalekale. Sera ugule wa madzi ofunda, umupake mpaka kutsogolo kupitirira pamene unazolowera, chifukwa pa thabwa lotere munthu amasuntha mapazi. Ndipo uiwale kuimirira modumpha kwa pa mipikisano. Yamba kupalasa msanga, lisiye thabwa liyende lokha, ndiye udzuke bwinobwino.

Sera wakale uja ayenera kuchoka, wadzaza mchenga ndipo sagwiranso phazi. Umupale wekha, usamutaye, umuumbe n'kuwapatsa amayi. Zidindo za zidendene sizichoka, zinalowa m'chikopa momwe. Libasse ankatsogoza mwendo wamanja, iwe wamanzere, ndiye zidendene zako zidzagwera mbali ina. Sudzaponda pamene ankaponda iye. Zimenezi uwauze amayi, chifukwa ndi zoona, ndipo kwa iwo ndi nkhani yaikulu kuposa zipsepse zonse.

Tsopano za amayiwo. Dzina la m'bale wako walilemba wekha m'kalata, ndiye Yoff yense adziwa kuti B. S. ndi ndani. Uwauze lero, asanakamve kwa amayi anzawo kogulitsa nsomba. Usawauze kuti Libasse anamwalira, chifukwa sukudziwa. Ukandifunsa ine, ndikuganiza kuti nyanja inamutenga. Bwato losowa mvula ziwiri ndi anthu ake onse sindinalionepo likubwera. Ndanena, ndipo zikundiwawa, anali mnyamata woseka bwino. Koma amenewo ndi maganizo anga, si mtembo, ndipo si iwe woti ukawatule pamiyendo ya amayi ako.

Uwauze zimene ukudziwa. Uwauze kuti madzi akuwononga thabwa la mwana wawo, uwagwire dzanja uwadinikizitse pachithupsapo kuti amve okha. Adzalira, mwina adzakutukwana, chifukwa si chapafupi kumva kuti chimene akhala akuchita m'mawa uliwonse chinali chowononga. Khala pomwepo, usathawire kugombe. Kenako uwauze za a Thiaw, ndipo uwauze za Elimane. Chomalizachi ndi chimene ukuopa, n'chifukwa chake unafuna kubisala kumbuyo kwa dzina langa. Amayi ako akuganiza kuti nkhani ndi ya thabwa. Sakudziwa kuti mwana wotsalayo wayamba kumvetsera za mabwato.

Akanenanso zogawa katundu, uwakumbutse zimene akudziwa bwino kuposa iwe ndi ine. Msodzi akakhala paulendo, mng'ono wake amapita ndi ukonde wake kunyanja, ndipo ukondewo umakhalabe wa mwiniwake. Dzina la Libasse linalembedwa kumimba kwa thabwalo, pafupi ndi mchira. Lisafufutidwe, ndipo ine pokonza sindidzalikhudza. Zipsepse usakazitenge wekha m'bokosi. Atulutse iwo, akupatse m'manja.

Akhoza kukana. Akakana usalibe, usakangane nawo. Uwapemphe chimodzi chokha, kuti lilowe pamthunzi ndipo ndowa ileke. Ndiye iwe uyende m'masukulu a ku Ngor ndi ku Ouakam kufunsa thabwa logwiritsidwapo kale ntchito la muyeso umene ndanena uja. Uliyamwe paliponse pamene pali mng'alu usanavomere, ngakhale mwiniwake akuseke. Ndipo a Thiaw ukawauze tsiku lomwelo kuti nkhani ili pati, asamangoona ngati wakhala pansi.

Chomaliza. Elimane akuti wotsimphina amakhala pakati. N'zoona, ndipo pakati pomwepo ndi pamene munthu sangatambasule mwendo ulendo wonse, ndi pamene madzi amayambira kudzaza. Iwe amene funde lolekeza m'chiuno likukusiya, ukasambira mpaka kuti? Umukane ndi pakamwa, mokweza, anthu akumva. Ukakwera bwato limenelo, amayi ako adzatenga kathabwa kako kakafupi kaja n'kukaimika pambali pa la Libasse. Ndowa yawo ndi imodzi. M'mawa uliwonse azidzapita kunyanja kawiri.

Ngalla